Khonde la Dayalji

Foni yalira ndili ndi singano pakamwa.
Ndi Ndaziona, mwana wanga wa kusukulu ku Korea uja:
zithunzi khumi ndi ziwiri, mawu a mphindi zitatu,
bandulo yanga ya sabata yonse n'kupsa.

"Ababa, lero tinapuma.
Ndinakwera sitima mpaka pothera njanji,
ku Incheon, kudoko.
Ukangotuluka pasiteshoni pali chipata chachitali,
chopanda chitseko, chopanda mlonda,
zinjoka zitazengereza denga lake.
Kuno ndi kwa Matchaina, akuti.
Anabwera pa zombo kalekale
kudzagulitsa nsalu, n'kukhaliratu."

Ndakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri.
Psuu ponseponse: nyali, mizati, zitseko,
msewu wokwera chitunda ngati ukuthawa nyanja,
ndi mwana wanga m'jekete lomwe sindinasoke ine,
patsogolo pake mbale ya zingwezingwe
zothiridwa msuzi wakuda bii
ngati oyilo wa lole ya thonje.

"Musaseke, Ababa, n'zokoma.
Akuti ankadya onyamula katundu padoko.
Koma eni malowo sindinawaone ambiri.
Mayi wina wokalamba pakhomo la sitolo ya makeke
anandiwerengera ana ake pazala,
chala chilichonse dziko lake.
Atsala ndi makoma, ndi ife odzajambula."

Ndaika foni pa makina.
Ndakweza maso pamwamba pa chitseko
chomwe ndachifulatira zaka makumi atatu
ndikupalasa chopondera pa khonde lino la pa Salima.
Penti wa kampani ya mafoni wakuta khoma lonse,
koma mvula ikalinyowetsa
zilembo zakale zimadzuka pansi pake:
D, A, Y, kenako L. Zinazo zinadyedwa.

Dayalji.
Ndinkabwera ndi bambo kudzagula palafini.
Fungo la lubani, sikelo yamkuwa,
mipukutu ya biliwita mpaka kudenga.
Chenji ankawerenga kawiri.
Bambo sanadutsepo kauntala ija, ngakhale tsiku limodzi,
koma chaka chomwe thonje linapsa ndi dzuwa
dzina lathu linagona m'buku lake miyezi isanu ndi itatu
osatumiziridwa munthu.
Sindidziwa ngati tinkamukonda.

Kenako kunamveka kuti amwenye apite kumizinda.
Lole inabwera m'mamawa.
Mkazi wake anazula kamtengo ka masamba onunkhira kuseri,
kanakana, kanathyokera m'manja.
Chitsa chinaphukanso. Chilipo mpaka lero,
timayanikapo zigamba.
Palibe wobwera kudzajambula.

Tsidya la msewu, pafupi ndi poima makabaza,
pali sitolo ya mabeseni, matochi ndi masilipasi.
Mwini wake, mnyamata wowonda,
amakhala pa kampando maso ali pa foni.
Zaka zinayi tsopano.
Ana amamuitana ndi dzina la dziko lake,
ine sindimuitana n'komwe.

Ndadzuka ngati wofuna zipi.
Ndaoloka, fumbi la minibasi lili m'mano.
Ndati, "Taona, mwana wanga uyu, ali kwanu."
Wagwira foniyo ndi manja awiri.
Wayang'ana nthawi yaitali,
milomo ikuwerenga zilembo za pachipata
motsitsa, ngati munthu wolawa mchere m'ndiwo.
Kenako wapukusa mutu n'kuseka:
"Kwathu ayi, bambo. Uku inenso mlendo."
Koma foni sanabweze msanga.
Wabwerera pa mbale yakuda ija,
wameza malovu, ndamuona.

Ndamufunsa dzina.
Wanena kawiri, kachitatu walemba pa katoni,
ndalipinda, ndaliika m'thumba la tepi.
Zipi wandigulitsa pa mtengo wake womwewo,
chenji n'kuwerenga kawiri.

Madzulo ndidzamuyankha Ndaziona, bandulo ikapezeka.
Diresi la mkwatibwi wa Loweruka likudikira mpendero,
ndipo kumwamba kwa chitseko khoma layamba kuuma.